Mkazi Womva Zamumtima: Momwe Mavampaya Anachokera Kumanda N'kudzakhala Pampando mu Bala

Tayerekezani kuti mumagwira ntchito mu bala, thireyi ya mabotolo ili m'manja, ndipo chilichonse chimene makasitomala akuganiza chikukufikani m'mutu ngati wailesi yopanda pozimitsira. Bambo amene akukusekererani pakona apo mukumumva akuwerengera ngongole zake. Mayi amene wangokuyamikirani tsitsi mukumumva akukunyozani chamumtima. Mnyamata wofuna kukufunsirani asanatsegule n'komwe pakamwa, inu mwamva kale zonse zimene akulakalaka pathupi panu. Umenewu ndiwo moyo wa Sookie Stackhouse, mtsikana wa zaka 25 wa m'buku la Dead Until Dark, limene mayi wa ku America, Charlaine Harris, anatulutsa mu 2001.

Kwawo ku Bon Temps, katauni kongopeka ka kumpoto kwa Louisiana, anthu amamuyesa wozerezeka. Kusukulu zinkamuvuta chifukwa cha phokoso la maganizo a anzake m'kalasi, ndipo za chibwenzi anachita kuzitaya. Ndiye usiku wina mu bala ya Merlotte's, momwe amaperekera zakumwa, mukulowa mlendo wotuwa khungu. Usiku womwewo Sookie akuzindikira kuti kwa mlendoyu sakumvako kanthu. Kuli zii. Munthuyo ndi Bill Compton, msilikali wa pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya m'zaka za m'ma 1860, amene anafa kalekale koma akuyendabe, ndipo chakudya chake ndi magazi. Sookie akumukonda, ndipo chachikulu chimene chamukoka ndi chakuti akakhala naye pafupi mutu wake umapuma.

Nthano za zolengedwa zimenezi ndawerengapo zambiri, koma ganizo ili ndi limene linandikhala mumtima: kuti mpumulo upezeke kwa chilombo, pamene phokoso lotopetsa likuchokera kwa anthu wamba opemphera nawo limodzi. Azungu chilombochi amachitcha vampaya, kutanthauza wakufa amene amadzuka usiku kukayamwa magazi a amoyo. Kuti achoke m'manda n'kudzakhala pampando mu bala, ndiponso kuti mkazi womva zobisika akhale mwini nkhani, panadutsa zaka zoposa 270.

Vampaya analowa m'mabuku kudzera m'malipoti a boma. Mu 1718 ufumu wa Austria unalanda kumpoto kwa Serbia m'manja mwa ufumu wa Ottoman, ndipo akuluakulu amene anatumizidwa kumeneko anapeza mwambo umene unawadabwitsa. Mu 1725, m'mudzi wa Kisiljevo, mlimi wina dzina lake Petar Blagojević atamwalira, anthu 9 anamutsatira m'masiku 8 okha. Anthu a m'mudzimo anati malemuyo ndiye akuwayendera usiku. Anafukula mtembo pamaso pa nduna ya boma ndi wansembe, anaukhoma chisonga pamtima, n'kuutentha. Zofananazo zinachitikanso ku Medveđa ndi mtembo wa Arnold Paole, ndipo mu 1732 dokotala wa asilikali, Johannes Flückinger, analemba lipoti limene linafalikira m'nyuzipepala za ku Ulaya konse. Chaka chomwecho mawu oti vampaya anayamba kuoneka m'Chingerezi.

Zimene ofukulawo anaona zinali zenizeni, kungoti anazimasulira molakwa. Mtembo ukayamba kuola umafufuma ndi mpweya, n'kumaoneka ngati wanenepa. Madzi ofiirira amatuluka m'kamwa ndi m'mphuno. Khungu limanyala, zikhadabo n'kuoneka ngati zakula. Ukaubaya pachifuwa, mpweya uja umatuluka ndi mawu onga kubuula. Kwa anthu amene akuika maliro motsatizana chifukwa cha mliri umene sakuudziwa, umboni woposa apa sunkafunikanso. Mu 1755 Mfumukazi Maria Theresa ya ku Austria, atamva malangizo a dokotala wake Gerard van Swieten, analetsa mchitidwe wofukula mitembowu.

Vampaya wa m'midzi imeneyi anali mlimi wosauka, wonunkha dothi. Amene anamuveka suti anali dokotala wachinyamata, John Polidori. Mu 1816, chaka chimene ku Ulaya kunalibe chilimwe chifukwa cha phulusa la phiri la Tambora limene linaphulika ku Indonesia chaka chimodzi m'mbuyomo, mvula inatsekera alendo angapo m'nyumba ya Villa Diodati pafupi ndi nyanja ya Geneva. Mlakatuli Lord Byron anauza anzakewo kuti aliyense alembe nthano yoopsa. Mary Shelley, amene panthawiyo anali ndi zaka 18, anayamba Frankenstein. Polidori, amene anali dokotala wa Byron, anatola kachidutswa kamene bwana wakeyo anasiya panjira n'kulemba The Vampyre. Nthanoyi inatuluka mu 1819, ndipo osindikiza anaikapo dzina la Byron. Lord Ruthven, vampaya wa m'menemo, ndi bwana wolemera, woitanidwa kumaphwando a ku London, wonyengerera atsikana. Akazi m'nthanoyi ntchito yawo ndi kufa basi. Polidori naye anamwalira mu 1821 ali ndi zaka 25, asanadyerere ntchito yake.

Anadzabwera Varney the Vampire, amene ankagulitsidwa m'timapepala ta kobiri imodzi kuyambira mu 1845, kenako Carmilla wa Sheridan Le Fanu mu 1872, vampaya wamkazi. Koma buku loyenera kuimapo ndi Dracula, la Bram Stoker, mbadwa ya ku Ireland amene ankayang'anira nyumba ya zisudzo ya Lyceum ku London. Linatuluka mu 1897.

Anthu ambiri amakumbukira nyumba yachifumu ya ku Transylvania, mimbulu ndi adyo. Amaiwala kuti gawo lalikulu la nkhaniyi likuchitikira ku England, ndipo Dracula akufika kumeneko monga munthu wodziwa malamulo a m'tauni. Walemba loya, wagula nyumba ku Purfleet ndi ku Piccadilly, watumiza mabokosi 50 a dothi lakwawo pa sitima yapamadzi mpaka ku Whitby. Omusaka nawo akugwiritsa ntchito telegalamu, ndandanda ya masitima apamtunda ndi makina ojambula mawu. Chilombo chakale pakati pa zipangizo zamakono: mbewu ya mabuku amene lero amatchedwa urban fantasy, nthano za zamizimu zochitikira m'misewu ya masiku ano, inadzalidwa pamenepa.

Mkazi womva zobisika anabadwiranso momwemu. Mina Harker ndi mphunzitsi, amadziwa kulemba mwachidule ndi kutayipa. Iye ndiye akusonkhanitsa makalata, madayale ndi zodula m'nyuzipepala, n'kuzitayipa mwandondomeko kuti amuna asanu osaka Dracula aone chithunzi chonse. Akatero amunawo akugwirizana zomuchotsa pa zokambirana zawo, ati pofuna kumuteteza, n'kumamusiya yekha m'nyumba usiku. Mpata umenewu ndi umene Dracula akulowerapo. Akumuyamwa magazi, n'kumukakamiza kuti naye amwe ake. Kuyambira pamenepo maganizo a awiriwa alumikizana.

Mina mwiniwake ndiye akupeza kuti tsokali likhoza kukhala chida. Akupempha mkulu wa gululo, Van Helsing, kuti azimugoneka tulo tochita kupangira mbandakucha uliwonse, n'kumamufunsa zimene akumva. Iye akumva madzi akuomba m'mbali mwa matabwa, unyolo ukulira, mapazi a anthu pamwamba. Apo amunawo akudziwa kuti mdani wawo wathawa pa sitima. Atasokera njira, Mina yemweyo akutenga mapu n'kuwaonetsa mitsinje imene bokosi la Dracula lingadzere. Komabe mphatso yake ikutsegulidwa ndi dzanja la mwamuna, ndipo iye akadzuka sakumbukira zimene wanena. Pomaliza nkhani, mipeni ili m'manja mwa amuna, iye akuonerera chapatali. Nthawi zonse ndikafika pamenepa ndimamva chisoni, chifukwa wanzeru kuposa onse m'bukumo wasandutsidwa foni yoti ena aziimbira.

Makanema anatenga nkhaniyi n'kuiwonjezera zawo. Nosferatu wa mu 1922 ku Germany ndiye anabweretsa zoti dzuwa limapha vampaya, zimene Stoker sanalembe. Mkazi wamasiye wa Stoker anawasumira opanga kanemayo chifukwa sanapemphe chilolezo, khoti linalamula kuti makope onse awonongedwe, koma ena anapulumuka. Bela Lugosi anavala chimkanjo chakuda cha Dracula mu kanema wa mu 1931, ndipo kwa zaka makumi anayi vampaya anakhala wongothamangitsidwa ndi mtanda.

Anne Rice wa ku New Orleans ndiye anamupatsa pakamwa. Mu 1972 mwana wake wamkazi, Michele, anamwalira ndi khansa ya m'magazi ali ndi zaka 5. Ali pachisoni chimenecho Rice analemba Interview with the Vampire, limene linatuluka mu 1976. M'menemo vampaya wotchedwa Louis akukhala pansi ndi mtolankhani n'kufotokoza moyo wake wa zaka 200, kulira kwake, ndi kamtsikana kotchedwa Claudia kamene sikadzakula. Owerenga anayamba kumumvera chisoni woyamwa magazi. Ndipo munthu amene wamumvera chisoni sakhalanso wovuta kumulandira monga woyandikana naye nyumba.

Pofika m'ma 1980, olemba monga Charles de Lint ku Ottawa ndi Emma Bull ku Minneapolis anali atayamba kuika mizimu ya m'nthano zakale m'misewu ya mizinda yawo. Mavampaya anatsatira msanga, ndipo amene anawatsegulira chitseko anali makamaka olemba achizimayi. Mu 1991 Tanya Huff anatulutsa Blood Price, momwe Vicki Nelson, wapolisi wa ku Toronto amene wasiya ntchito chifukwa maso akufa, akufufuza milandu mothandizana ndi vampaya. Mu 1993 Laurell K. Hamilton anabweretsa Anita Blake wa ku St. Louis, mayi amene ntchito yake yolipidwa ndi kudzutsa akufa kuti athetse mikangano ya chuma chamasiye, m'dziko limene mavampaya ndi nzika zovomerezeka ndi lamulo. Pa TV, Buffy the Vampire Slayer anayamba mu 1997. Akazi onsewa ndi ankhondo: wina ali ndi mfuti, wina chisonga, wina zibakera.

Charlaine Harris anadzera njira ina. Anabadwa mu 1951 ku Tunica, m'dera la minda ya thonje ku Mississippi, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 anali atalemba kale mabuku angapo ofufuza milandu ya kupha, ena okhudza woyang'anira laibulale, Aurora Teagarden, ena okhudza mayi wokonza m'nyumba za anthu, Lily Bard. Ankagulitsa mokwanira kungopitirira. Atayandikira zaka 50 anaganiza zosakaniza zonse zimene ankakonda m'buku limodzi: mlandu, chikondi, nthabwala ndi zoopsa. Osindikiza ambiri analikana posadziwa shelefu yoliikapo, mpaka a Ace Books analitenga. Litatuluka, chaka chotsatira linapata mphotho ya Anthony, imene imaperekedwa kwa mabuku ofufuza milandu.

M'dziko la Harris, asayansi a ku Japan apanga magazi a m'botolo. Popeza tsopano angathe kukhala moyo osaluma munthu, mavampaya adziulula pa TV dziko lonse likuona. Akulipira msonkho, akutsegula mabizinesi, akumenyera ufulu wokwatira. Kwabadwanso mpingo wodana nawo, Fellowship of the Sun. Owerenga ambiri anaonamo nkhani ya magulu osalidwa a ku America, makamaka kumwera kumene Harris anakulira, kumene mabala a tsankho la khungu sanapole.

Sookie alibe mfuti, alibe digiri, alibe mphunzitsi womuuza tanthauzo la mphatso yake. Amadandaula za ndalama yokonzera msewu wolowera kunyumba, amapita kutchalitchi, amalandira alendo mwaulemu monga anamulerera agogo ake a Adele. Kumva maganizo amakuona ngati chilema, ndipo mphamvu zake zambiri zimathera pa kudzitsekera kuti asamve. Koma nkhani yonse akuifotokoza ndi iye, ndi pakamwa pake. Palibe Van Helsing womugoneka tulo. Mavampaya akuluakulu, monga Eric Northman mwini bala ya Fangtasia ku Shreveport, akafuna kuti awamvere maganizo a antchito awo, Sookie amaika mfundo zake: wolakwa akapezeka kuti ndi munthu, aperekedwe kupolisi, asaphedwe.

Pali chinthu china m'mutu woyamba wa bukuli chimene Mmalawi sangachidutse osaima. Usiku umene Bill wafika, mwamuna wina ndi mkazi wake akumunyengerera kupita panja, akumumanga ndi unyolo wasiliva, n'kuyamba kumupopa magazi ndi masingano kuti akagulitse, pakuti magazi a vampaya ali pamsika ngati mankhwala ozunguza bongo. Sookie wamva chiwembucho m'mitu mwawo, ndipo akuthamangira kukamupulumutsa atanyamula tcheni. Opopa magazi m'nthanoyi ndi anthu.

Kuno kwathu mawu oti anamapopa si a m'buku losangalatsa. Anamapopa athu si akufa odzuka m'manda. Mphekesera imawajambula ngati anthu amoyo, alendo, oyenda usiku ndi masingano, mapaipi ndi mankhwala ogonetsa, otumidwa ndi anthu andalama. Katswiri wa mbiri, Luise White, m'buku lake la mu 2000 lotchedwa Speaking with Vampires, analondola mphekesera zotere m'nthawi ya atsamunda: ku Nairobi ankaloza ozimitsa moto, ku Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, ankanena za banyama. Iye anaona kuti nkhanizi zinkanyamula mantha enieni a anthu amene thupi lawo ndi thukuta lawo zinkatengedwa ndi olamulira osawafotokozera kanthu. Ku Blantyre, pa nthawi ya kuphedwa kwa anthu ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, kunamveka zoti magazi akupita ku South Africa. Mphekesera inabukanso chakumapeto kwa 2002 m'maboma a kumwera. Mu September ndi October 2017 inayaka ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anthu anatseka misewu, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ophedwawo amene anapezeka ndi umboni woti anapopa munthu magazi.

N'chifukwa chake gawo lina la Dead Until Dark ndimaliwerenga mtima uli m'mwamba. Atsikana angapo a ku Bon Temps apezeka atapotoledwa makosi, ndipo onse ankadziwika kuti amayenda ndi mavampaya. Usiku wina mu bala, Sookie akumva mkwiyo ukufufuma m'mitu ya amuna amene akumwa. Palibe akukuwa, koma ganizo limodzi likudumpha kuchoka tebulo ili kupita linalo. Akuyesetsa kupeza amene wayambitsa, osamupeza. Akuimba foni kuti achenjeze, osathandizika. Kutacha, nyumba imene mavampaya ena anagona yapsa psiti. Wakupha atsikana uja, amene anaphanso agogo ake a Sookie m'khitchini mwawo, akudzapezeka kuti ndi munthu wamba, mnzake wa mlongo wake wa Sookie, womwa nawo mu bala momwemo tsiku ndi tsiku. Harris anamvetsa momwe gulu limapsera mtima, ndipo anasankha mboni yokhayo imene ingamve zimenezi zisanafike pakamwa.

Kutchuka kwenikweni kunadza ndi TV. Alan Ball, amene analemba kanema wa American Beauty, analipeza bukuli m'sitolo akudikira nthawi yokaonana ndi dokotala wa mano. Sewero lake la True Blood linayamba pa HBO mu September 2008, linatha mu 2014 litakwana magawo 80, ndipo Anna Paquin, amene anasewera Sookie, anapata nalo mphotho ya Golden Globe mu 2009. Sewerolo linachulutsa magazi ndi zogonana, ndipo pang'onopang'ono linasiya njira ya mabuku. Kwa ine chimene linataya kwambiri ndi mawu a Sookie mwini, chifukwa kamera imaonetsa nkhope, pamene bukulo limakulowetsa m'mutu wodzaza phokoso.

Zaka zimenezo mashelefu anadzaza. Twilight ya Stephenie Meyer, ya mu 2005, inatembenuza ganizo lija: kumeneko vampaya Edward ndiye amamva maganizo a aliyense kupatula a mtsikana Bella. Karen Chance mu 2006 anabweretsa Cassie Palmer, woona zam'tsogolo amene analeredwa ndi mavampaya. Richelle Mead mu 2007 analemba za Rose, womva zonse za mumtima mwa mnzake Lissa, amene ndi vampaya. Olemba akuda a ku America nawo anali ndi njira yawo, imene sitchulidwa mokwanira. Jewelle Gomez mu 1991 anayamba The Gilda Stories ndi mtsikana wothawa ukapolo ku Louisiana. L.A. Banks wa ku Philadelphia anayamba mu 2003 mndandanda wa Damali Richards, woimba ndi wolakatula amene amasaka mavampaya. Octavia Butler anamaliza ntchito yake yolemba ndi Fledgling mu 2005, nkhani ya vampaya wakhungu lakuda amene anzake oyera akufuna kumupha chifukwa cha khungulo.

Harris anapitiriza kutulutsa buku pafupifupi chaka chilichonse. Mphepo ya Katrina itasakaza New Orleans mu 2005, anailowetsa m'nkhani, mavampaya a ku Louisiana nawo n'kukhala osowa pokhala. Atafika pa buku la 13, Dead Ever After, mu May 2013, anati basi. Kope lina linagulitsidwa msanga ku Germany, mathero ake anaululika pa intaneti tsiku lotulutsa bukulo lisanakwane, ndipo owerenga ena amene kwa zaka 12 ankayembekezera kuti Sookie adzakhala ndi Eric anapsa mtima koopsa. Mayi wa zaka 61 analandira mauthenga achipongwe, ena omuopseza, chifukwa cha mwamuna amene mtsikana wongopeka wasankha.

Koma amene anawerenga mosamala anali ataziona kale. Kuyambira buku loyamba Sookie amakonda kuothera dzuwa pabwalo, amafuna ana, amafuna kudya chakudya cham'mawa ndi munthu amene wagona naye nyumba imodzi. Anali atanena kangapo kuti safuna kusandutsidwa vampaya. Harris anamusiya ali munthu, ali ndi gawo lake mu bala imene ankaperekeramo zakumwa, akuyamba chikondi mosathamanga ndi Sam Merlotte, mnzake wakale amene amasanduka galu mwezi ukakhala wathunthu. Akukhalabe m'nyumba yakale ya agogo ake m'mphepete mwa nkhalango. Kuseri kwa mitengo kuli manda a m'mudzimo, momwe mwagona makolo ake, ndipo kutsidya kwa mandawo kuli nyumba ya Bill Compton, imene nyale zake zimayaka dzuwa likalowa.